PHUNZIRO LA ZAUMOYO: CHOMERA CHA PLANTAGO, NTCHITO YAKE NDI MALIRE AKE

Mau oyamba

Mwezi uno tiphunzira za chomera china chaching'ono chimene chimamera m'mbali mwa njira, ndipo anthu amachiponda osachilabadira. M'Chingerezi dzina lake ndi broadleaf plantain, pamene akatswiri a zomera amachitcha Plantago major. Tisasokonezeke: Azungu amatchulanso nthochi zophika zija kuti plantain, koma ziwirizi palibe chibale chilichonse. Kuti tisamavutike, m'phunziro lino tizingoti Plantago.

Masiku ano tiyi, mafuta odzola ndi makapisozi opangidwa kuchokera ku chomerachi akugulitsidwa m'masitolo ndi pa intaneti, ndipo ogulitsa ena amachitamanda ngati chochiza nthenda iliyonse. Mwana akavulala kapena agogo akayamba kutsokomola, woyamba kufunsidwa pakhomo ndi ife amayi. N'chifukwa chake tiyenera kudziwa zinthu zitatu: chomerachi n'chotani, chimathandiza pa chiyani, ndipo mphamvu yake imathera pati.

1. Mmene tingachidziwire

Plantago alibe thunthu. Masamba ake amatuluka pamalo amodzi n'kuyala pansi mozungulira ngati mbale. Tsamba lake ndi lotakata, looneka ngati supuni yaikulu, ndipo kutalika kwake kumayambira masentimita 5 mpaka 20. Chizindikiro chachikulu ndi mitsempha yake: imakhala isanu, isanu ndi iwiri, nthawi zina isanu ndi inayi, yoyenda motsatana kuchokera ku phesi mpaka kunsonga. Tikathyola phesi pang'onopang'ono, mitsemphayo imatsalira ikulendewera ngati ulusi. Pakati pa masambawo pamatuluka timapesi toongoka tokhala ndi ngala yowonda ngati kamchewere kakang'ono, ndipo m'menemo ndi mmene mumakhala njere.

Chomerachi chimakonda nthaka yopondedwa ndi yachinyezi. Njere zake zikanyowa zimamata ku nsapato, ku ziboda za ziweto ndi ku matayala. Umu ndi mmene chinayendera dziko lonse lapansi.

2. Kumene chinachokera ndi mmene anthu akale ankachigwiritsira ntchito

Kwawo kwa Plantago ndi ku Ulaya ndi mbali zina za Asia. Dzina lakuti Plantago major linakhazikitsidwa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden m'chaka cha 1753, ndipo linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kunsi kwa phazi. Azungu atapita ku America, chomerachi chinawatsatira, mwakuti eni dziko kumeneko anachitcha phazi la mzungu, poona kuti chinkamera paliponse pamene alendowo amanga. Chinafikanso kum'mwera kwa Africa kuno, monga ku South Africa ndi ku Zimbabwe. Abale athu okhala ku Britain amachiponda tsiku ndi tsiku m'mapaki ndi m'mbali mwa misewu.

Dioscorides, sing'anga wa Chigiriki amene anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 2,000 zapitazo, analemba za chomerachi m'buku lake la mankhwala lotchedwa De Materia Medica, ndipo anachitchula pa zilonda ndi kutaya magazi. Ku England chinalembedwa m'gulu la zitsamba zisanu ndi zinayi zodalirika m'buku lakale la mankhwala lotchedwa Lacnunga, la zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Ku Norway ndi ku Sweden mpaka lero amachitcha groblad, kutanthauza tsamba lopoletsa. Ku China amagwiritsa ntchito m'bale wake, Plantago asiatica, makamaka pothandiza munthu kukodza.

Tikasonkhanitsa miyambo yonseyi, ntchito zimene zimabwerezedwa kawirikawiri ndi izi: kuika tsamba losinja pa bala, pa chithupsa ndi polumidwa ndi tizilombo, kumwa madzi ake pa chifuwa ndi pakhosi pokanda, kutsuka nawo mkamwa, ndi kumwa njere zake pa mavuto a m'mimba. Mitundu yosadziwana, yotalikirana ndi nyanja zikuluzikulu, inagwirizana pa nkhani ya zilonda. Ichi ndi chimene chinachititsa akatswiri kufuna kudziwa zimene zili m'tsambamo.

3. Kodi m'tsambamo muli chiyani?

Maina a zinthu zimenezi ndi achilendo, koma ntchito zake tikhoza kuzimvetsa pogwiritsa ntchito zimene timaona kukhitchini.

Choyamba ndi mucilage. Ichi ndi chinthu chonanda ngati therere. Chikafika pakhosi pokanda kapena pakhungu potupa, chimaphimba pamalopo ngati kansalu kofewa, ndipo kuyabwa ndi kukanda kumachepa. Sichipha matenda, chimangoziziritsa malo opweteka.

Chachiwiri ndi tannin. Tonse tikudziwa mmene mkamwa mumamangikira tikadya nthochi yosapsa kapena kumwa tiyi wowira kwambiri. Ameneyo ndi tannin. Pa kabala kakang'ono amakoka khungu kuti lithine, ndipo magazi ndi madzi otuluka pabalapo amachepa.

Chachitatu ndi aucubin, pamodzi ndi mnzake catalpol. Apa tiyeni timvetsetse bwino. Tsamba likakhala lathunthu, aucubin amangokhala phee. Tikalisinja, amakumana ndi chinthu china cha m'tsamba lomwelo chimene chimamusandutsa aucubigenin, ndipo ameneyu ndi amene amalimbana ndi mabakiteriya. Koma chomusandutsacho chimafa ndi moto. Choncho tsamba laliwisi losinja limakhala ndi mphamvu imene tsamba lowiritsa lilibe. Akale aja amene ankasinja tsamba laliwisi n'kuika pa bala sankadziwa maina awa, koma njira yawo inali ndi nzeru. Aucubin yemweyu ndi amene amadetsa masamba akayanikidwa mosasamala. Masamba ouma amene ada bii ndiye kuti mphamvu yake yaonongeka.

Chachinayi ndi plantamajoside ndi acteoside, komanso gulu lotchedwa flavonoid, monga luteolin, apigenin ndi baicalein. Poyesa mu labotale, zimenezi zaoneka kuti zimachepetsa kutupa. Mulinso ursolic acid, amene amagwira ntchito yofanana nayo, ndi mtundu wina wa pectin umene umadzutsa chitetezo cha thupi poyesa mu labotale momwemo.

Masamba anthete amadyedwanso ngati ndiwo m'maiko ena, ndipo ali ndi mavitamini A, C ndi K. Akakhwima amalimba chifukwa cha mitsempha ija.

4. Kodi ofufuza apeza chiyani?

M'chaka cha 2000, Anne Berit Samuelsen wa ku University of Oslo ku Norway anasonkhanitsa zofufuza zambiri za Plantago major n'kuzisindikiza mu Journal of Ethnopharmacology. Ntchito yake inasonyeza kuti m'tsambali mulidi zinthu zothandiza kupola kwa bala ndi kuchepetsa kutupa. Koma zoyesa zambiri, za nthawi imeneyo ndi za pambuyo pake, zachitika mu labotale ndi pa makoswe. Zoyesa pa anthu ndi zochepa, ndipo zimakhudza odwala owerengeka. Ife amene tinagwirapo ntchito m'chipatala tikudziwa kuti chimene chapha mabakiteriya m'kambale ka mu labotale sichichita chimodzimodzi nthawi zonse m'thupi la munthu.

Bungwe loyang'anira mankhwala ku Ulaya, European Medicines Agency, linavomereza tsamba la m'bale wake wa masamba owonda, Plantago lanceolata, ngati mankhwala achikhalidwe oziziritsa pakhosi pokanda ndi chifuwa chouma. Silinanene kuti limachiza chibayo kapena chifuwa chachikulu. M'bale winanso, Plantago ovata, amalimidwa kwambiri ku India, ndipo makoko a njere zake ndi amene amapangira mankhwala a kudzimbidwa monga Fybogel. Makoko amenewa amafufuma m'matumbo, choncho amafunika kumwera madzi odzaza kapu; popanda madzi okwanira akhoza kutsamwitsa munthu kapena kutseka matumbo.

Palibe umboni wakuti Plantago amachiza khansa, matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi kapena HIV. Munthu amene ali pa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a BP asasiye mankhwala ake chifukwa cha tiyi ameneyu.

5. Pamene angathandize

Plantago ndi wa zinthu zazing'ono: polumidwa ndi udzudzu, nyerere kapena njuchi, pokandika ndi minga, ndi pakhungu poyabwa. Tikafuna kumugwiritsa ntchito titsate izi:

a) Tisambe m'manja ndi sopo, ndipo titsuke pamalopo ndi madzi oyera ndi sopo. Kutsuka ndiye mankhwala oyamba. Tsamba limabwera pambuyo.

b) Tithyole masamba pamalo aukhondo. Tisatenge m'mbali mwa msewu wa magalimoto, pafupi ndi khola kapena chimbudzi, kapena pamene pathiridwa mankhwala ophera udzu. Poti chomerachi chimayala pansi, chimatola dothi, ndowe ndi mikodzo ya ziweto.

c) Titsuke masambawo ndi madzi owiritsa amene azizira, kenako tiwasinje ndi supuni m'mbale yoyera. Mabuku ena amati titafune tsambalo n'kumata pabala. Ife sitilimbikitsa zimenezo, chifukwa mkamwa mwa munthu muli mabakiteriya ambiri.

d) Tiike pamalopo, timange ndi kansalu koyera kochisita, ndipo tisinthe pakapita maola ochepa. Khungu likayamba kuyabwa kwambiri kapena kutuluka zidzolo, tichotse msanga, chifukwa matupi ena sagwirizana nacho chomerachi.

Pakhosi pakamakanda, tingaviike masamba otsuka bwino m'madzi owiritsa ozizira kwa ola limodzi kapena awiri, n'kusefa, n'kumachukucha. Madziwo asagone, tikonze atsopano tsiku lililonse.

6. Pamene tiyenera kuthamangira kuchipatala

Gawo lino ndilo mtima wa phunziro lathu. Tsamba silipha kawirikawiri, koma kuchedwa kumapha.

Bala lakuya, lobayidwa ndi msomali kapena lodulidwa ndi khasu: tisaikepo tsamba. Tizilombo ta kafumbata timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo tsamba lochokera pansi likhoza kutilowetsa m'bala. Wovulalayo akafunse za katemera wa kafumbata.

Kulumidwa ndi galu: titsuke ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo. Chiwewe chikayamba kuonetsa zizindikiro, munthu sapulumuka.

Kulumidwa ndi njoka: akale ku Ulaya ndi ku America ankakhulupirira kuti Plantago amakoka ululu wa njoka. Sakoka. Wolumidwayo asayendeyende, tisacheke pabalapo, ndipo timunyamule kupita naye kuchipatala.

Kupsa ndi moto kapena madzi otentha: tithire madzi ozizira oyera kwa mphindi 20, tiphimbe ndi nsalu yoyera, osamatapo masamba.

Mchombo wa khanda ndi maso: pasaikidwe chitsamba chilichonse.

Chilonda cha munthu wodwala shuga, makamaka cha kuphazi, ngakhale chikhale chaching'ono, chionedwe ndi achipatala. Chimodzimodzinso bala lililonse limene latupa, likutentha, likutuluka mafinya, likununkha, kapena mwini wake watentha thupi.

Chifuwa chimene chatha masabata awiri: tikayezetse chifuwa chachikulu. Mwana amene akupuma mofulumira kapena akubanika asadikire tiyi. Mwana wotsekula m'mimba amwe madzi a ORS ndipo aonedwe ndi achipatala.

Amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, ndi ana aang'ono, asamwe Plantago. Amene akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ayambe afunsa dokotala, chifukwa vitamini K wa m'masamba obiriwira amachepetsa mphamvu ya mankhwalawo.

7. Safunsa anadya phula

M'chaka cha 1997 ku United States, anthu awiri anagonekedwa m'chipatala mtima wawo utasokonezeka kagundidwe, atamwa mankhwala azitsamba ogula otsukira m'mimba. Bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala kumeneko, FDA, litafufuza linapeza kuti masamba amene analembedwa kuti plantain anali osakanizika ndi Digitalis lanata, chomera chimene amapangira digoxin, mankhwala amphamvu a mtima. Masamba a chomera chimenechi amafanana ndi a Plantago wa masamba owonda uja, ndipo akauma n'kuperedwa palibe angawasiyanitse ndi maso. Nkhaniyi inasindikizidwa mu New England Journal of Medicine m'chaka cha 1998.

Ngati zoterezi zinachitika ndi mankhwala a m'botolo lolembedwa bwino, nanga bwanji ufa wa m'kapepala wopanda dzina? Tisamwe chitsamba chimene sitikuchidziwa bwino, ndipo tisathyole tsamba pongoyerekeza ndi chithunzi cha pa foni. Tikapita kuchipatala, tiwauze anamwino mosabisa zitsamba zonse zimene wodwala wamwa. Iwo amafunsa kuti adziwe chopereka, osati kuti atidzudzule.

Mafunso okambirana m'gulu

1. Kodi ndi masamba ati amene timaika pa zilonda kwathu kuno, ndipo timawakonza bwanji? Ndi njira ziti zaukhondo za m'gawo 5 zimene tingatsate pa masamba amenewo?

2. N'chiyani chimachedwetsa mabanja kupita ndi wodwala kuchipatala: mtunda, ndalama, mantha, kapena kudikira chilolezo cha wina? Gulu lathu lingathandizepo bwanji?

3. Tikapita kukazonda wodwala n'kupeza kuti wasiya mankhwala a kuchipatala chifukwa cha tiyi wazitsamba, tingamulankhule bwanji mwaulemu, osamuchititsa manyazi?

Chochita mwezi uno

Mtsogoleri wa gulu apemphe namwino kapena mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kuti adzabwere pa msonkhano wotsatira kudzaonetsa katsukidwe ndi kamangidwe ka bala. Mayi aliyense akonze kunyumba kwake kabokosi kokhala ndi sopo, nsalu zoyera zochisita ndi mapaketi a ORS, ndipo aone ngati katemera wa kafumbata wa iye mwini ndi wa ana ake ali m'malo mwake. Zimene mwakambirana pa funso loyamba muzilembe ndi kuzitumiza kwa mlembi, kuti tidzazigwiritse ntchito m'maphunziro akubwerawa.