Kamera imaopa madzi

Taonani cithunzi. Amalume akujambula anthu pa ukwati. Kumwamba kuli mitambo yakuda bii. Mwana wagwira ambulera. Kodi akufunditsa ndani? Akufunditsa amalume ndi kamera yawo.

Tiwerenge

Iyi ndi kamera. Kamera imajambula zithunzi. Kutsogolo ili ndi diso lagalasi. Kumbuyo ili ndi kagalasi koonerapo zithunzi. M'kati muli batire ndi kakhadi kakang'ono. Zithunzi zonse zimasungidwa m'kakhadi kameneka.

Makamera akale ankadya filimu. Iyi ilibe filimu. Imayendera magetsi a m'batire. Magetsi ndi madzi sagwirizana. Madzi akalowa m'kamera, magetsi amasocera njira ndi kuononga za m'kati. Tizitsulo timacita dzimbiri. Kamera imaleka kugwira nchito.

Amalume amapeza ndalama ndi kamera. Amajambula zithunzi za ukwati, za ubatizo ndi za pa citupa. Ndalamazo amagulira sopo, mcere ndi makope a ana. Kamera ikafa, zonsezi zicokera kuti?

Mvula

Ku Angónia mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo. Nthawi zina imabwera mwadzidzidzi, munthu ali panjira. N'cifukwa cake amalume sasiya thumba la pulasitiki kunyumba. Mvula ikayamba kuwaza, amaika kamera m'thumba ndi kumanga pakamwa pake.

Nanga mvula ikawapeza ukwati uli m'kati? Amaboola thumba kabowo kamodzi. Diso la kamera limasuzumira pa kabowoko. Amamanga ndi mphira kuti thumba lisasunthe. Basi, kamera yavala cofunda ca mvula!

Anzathu a ku Metangula amayenda pa bwato pa nyanja ya Niassa. Mphepo ya mwera ikaomba, mafunde amaponya madzi m'bwato. Kumeneko thumba lokha silikwanira. Kamera imalowa m'thumba, thumba limalowa m'ndowa ya civindikiro.

Madzi osaoneka

Mvula timaiona ndi maso. Koma pali madzi ena obisala mu mpweya. Dzina lake ndi cinyezi.

Kodi munaona mcere m'nyengo ya dzinja? Umanyowa wokha m'mbale, popanda wouthira madzi. Macesi amakana kuyaka. Nsapato zosungidwa pansi pa kama zimamera cuku. Cimene cimacititsa zonsezi ndi cinyezi.

Cuku cimameranso pa diso la kamera. Cimakonda malo amdima ndi acinyezi. Cimayamba ngati kadontho, kenaka cimatambasuka ngati ukonde wa kangaude. Zithunzi zimatuluka zambuu, nkhope ya agogo osaoneka bwino. Cuku cikalowa m'kati mwa diso, nsalu singacipukute. Pamafunika mmisiri, ndipo mmisiri amafuna ndalama.

Conco kamera sitiika pansi. Sitiika pafupi ndi mtsuko wa madzi, kapena pamene denga limadontha. Sitiisiya m'cikwama conyowa. Malo ake ndi pamwamba, pouma, m'cigoba cotsekeka bwino.

M'cigobamo amalume amaikamo timapaketi toyera. Timapaketi timeneti timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano. M'kati mwake muli timibulu tomwa cinyezi. Ana inu, mvetsetsani: timibuluti timaoneka ngati shuga, koma si shuga. Musadye. Musapatse mwana wakhanda, tingamutsamwe.

Tiyese

Tengani galasi lodziyang'anira. Uzirani mpweya wa m'kamwa: haaa! Mwaona ciyani? Galasi lacita nkhungu. Khudzani ndi cala. Cala canyowa. Mpweya wofunda ukakhudza cinthu cozizira, umasiyapo timadontho ta madzi.

Ku Ulónguè kumazizira kwambiri mu Juni ndi Julayi. Kamera ikacoka panja pozizira ndi kulowa m'nyumba yofunda, nayonso imacita nkhungu, kunja ndi m'kati momwe. Isiyeni m'cikwama cake cotseka mpaka ifunde. Musafulumire kuitulutsa.

Kamera ikanyowa

Musaiyatse. Mtima umafuna kuona ngati ikugwirabe nchito, koma kuyatsako ndi kumene kumaipha. Thamangani, mukaitane munthu wamkulu.

Maphatikizo

ka ke ki ko ku
ma me mi mo mu
ra re ri ro ru

ka + me + ra = kamera
ma + dzi = madzi
cu + ku = cuku

Lembani mau atatu awa m'kope lanu. Pansi pake jambulani kamera ili pansi pa ambulera.

Tiyankhe

Kodi zithunzi zimasungidwa pati?
N'ciyani cimanyowetsa mcere m'dzinja?
Kodi kwanu denga limadontha pati? Nanga pouma ndi pati?
Mlongo wanu watola kapaketi koyera m'bokosi la nsapato. Mumuuza ciyani?

Kwa makolo

Werengani phunziroli pamodzi ndi mwana wanu madzulo. Ngati pakhomo panu palibe kamera, kambiranani za foni kapena wailesi, pakuti nazonso zimadwala matenda omwewa.

Kamera ikanyowa, cotsani batire ndi kakhadi msangamsanga. Pukutani kunja ndi nsalu yofewa ndi youma. Siyani tizitseko ta batire ndi ta kakhadi totsegula, ndipo ikani kamera pamthunzi podutsa mphepo kwa masiku angapo. Musaiyanike pamoto kapena padzuwa lotentha, cifukwa kutentha kumapindika pulasitiki ndi kuononga batire. Nthawi zambiri kakhadi kamapulumuka ngakhale kamera itafa. Kaumitseni bwino musanakayese m'kamera ina, mwina zithunzi za banja zikadalimo.

Anthu ambiri amakwirira kamera kapena foni yonyowa mumpunga. Mpunga suumitsa kuposa mphepo, ndipo fumbi lake limalowa m'timabowo. Mpungawo phikirani ana.

Cigoba cotsekeka cimathandiza pokhapokha kamera italowamo youma. Mukaitsekera ili ndi cinyezi, mwatsekera cuku pamodzi ndi madzi ake. M'dzinja, tsiku limene kwaca bwino, itulutseni ipitidwe mphepo. Ngati ikhala miyezi osagwira nchito, cotsani batire ndi kulisunga palokha, pamene ana aang'ono safikira.