Chimene Chilimbitsa Phesi la Chimanga

Alimi anzathu, nchiyani chiimiritsa phesi pamene mphepo iomba? Ndi ulusi wosaoneka ndi maso wochedwa selulosi, umene Anselme Payen wa ku France anauzindikira m'chaka cha 1838.

Padzuwa, masamba asakaniza madzi ndi mpweya napanga shuga. Mbewu ilumikiza shugayo m'maunyolo ataliatali, nimanga nawo makoma a tizipinda tating'ono ta m'thupi mwache. Ulusi womwewo uli m'thonje ndi m'mitsempha ya tsamba la fodya.

Ife anthu sitingathe kuugaya m'mimba, koma tizirombo ta m'nthaka tiuoletsa. Chifukwa chache tisatenthe mapesi a chimanga. Tiwakwirire popanga mizere, kuti aole nasanduke chonde. Mlimi wotentha mapesi atentha chakudya cha munda wache.