Phunziro 14: Utsi ndi mphepo ya mu Ogasiti

Werengani nkhani iyi.

Ku Shikabeta, m'boma la Rufunsa, mphepo imaomba kwambiri m'mwezi wa Ogasiti. Imaulutsa fumbi ndi masamba ouma. Nthawi zina imabweza utsi m'khicini pamene amai akuphika.

Mabanja ena amaphika pa citofu ca dothi. Citofu cimeneci cimakhala ndi paipi yotulutsira utsi panja. Utsi wotentha ndi wopepuka, conco umakwera m'paipi. Koma mphepo yamphamvu ikalowa pakamwa pa paipi, imakankhira utsiwo pansi. Basi, khicini yonse imadzaza utsi!

Utsi ndi woipa. Umawawa m'maso ndipo umatsokomoletsa. Mwana wakhanda akamapuma utsi masiku onse, angadwale cibayo.

Mtsikana wina anafunsa agogo ake kuti, "Agogo, nanga mphepo tingaiimitse bwanji?"

Agogo anaseka. "Iyai, mdzukulu wanga, mphepo siimitsidwa. Koma utsi tingauonetse njira."

Nazi njira zake:

1. Paipi ikhale yaitali kupitirira nsonga ya denga, ndipo isakhudze udzu.
2. Pamwamba pa paipi pakhale kacipewa ka lata. Kamachinga mphepo, koma utsi umatulukira m'mbali.
3. Akulu azicotsa mwaye m'paipi. Mwaye ukaculuka umatseka njira ya utsi.
4. Sonkhani nkhuni zouma. Nkhuni zaziwisi zimafuka utsi wambiri.
5. Yambani moto ndi tinkhuni ting'onoting'ono. Paipi ikatentha, imakoka utsi bwino.
6. Tsegulani pang'ono zenera la mbali imene mphepo ikucokera, kuti moto upeze mpweya.

Kukwera pa denga ndi nchito ya akulu. Inu ana, mukaona utsi ukubwerera, tengani mng'ono wanu mutuluke naye panja. Kenaka itanani amai kapena atate. Musatseke citseko.

Mau atsopano

paipi, mwaye, cibayo, nsonga, mpweya

Yankhani mafunso awa.

1. Kodi ndi mwezi uti umene mphepo imaomba kwambiri ku Shikabeta?
2. N'cifukwa ciani utsi wotentha umakwera m'mwamba?
3. Kodi kacipewa ka lata kamagwira nchito yanji?
4. Mungacite ciani mukaona utsi ukubwerera m'khicini?

Zocita

Jambulani khicini ya kwanu. Onetsani pamene utsi umatulukira.