Wotchi ya Othamanga: Kuidziwa, Kuigwiritsa Ntchito ndi Kuisamala

Kukamacha mu Lilongwe, minibasi zisanachuluke, mumsewu wa Chidzanja, wa ku Likuni podutsa pa Chinsapo, ndiponso mu M1 kuchokera ku Area 25 kulowera ku Kanengo mumakhala muli kale anthu othamanga. Ena akukonzekera mpikisano, ena mayeso olowera usilikali kapena upolisi, ena adauzidwa kuchipatala kuti BP yakwera, achepetse thupi. Mukawafunsa mtunda umene athamanga amati, "Kukafika pamlatho n'kubwerako." Mukawafunsa ngati alimbikira amakulozerani thukuta. Koma thukuta la mu Okutobala ndi la mu Juni silifanana, ndipo mlatho wa wina si mlatho wa mnzake.

Wotchi ya othamanga imayankha mafunso atatu ndi manambala: mwayenda mtunda wautali bwanji, paliwiro lotani, ndipo mtima wanu wagwira ntchito yochuluka bwanji. Phindu lake lalikulu ambiri saliyembekezera. Imaphunzitsa munthu kuchepetsa liwiro.

WOTCHIYI N'CHIYANI?

Maonekedwe ake ndi a wotchi wamba, koma m'kati mwake muli zida ziwiri: cholandirira GPS ndi chowerengera kugunda kwa mtima. Kampani ya Polar ya ku Finland idatulutsa chida chopanda nthambo choyezera mtima wa ochita masewera mu 1982, ndipo ya Garmin idatulutsa wotchi yake yoyamba ya GPS ya othamanga, yotchedwa Forerunner, mu 2003. Lero kuli mitundu yambiri monga Garmin, Polar, Coros, Suunto, Amazfit ndi Huawei.

Wotchi sithamangira munthu. Catherine Chikwakwa adabweretsa mendulo yasiliva ya mamita 5,000 kuchokera kumpikisano wa achinyamata wa dziko lonse ku Grosseto, m'dziko la Italy, mu 2004, mawotchi awa asanafale n'komwe. Imene imathamanga ndi miyendo ndi mapapo. Wotchi ndi kalaliki chabe wolemba zimene mwachita.

IMADZIWA BWANJI MTUNDA?

Masetilaiti a GPS, amene amayendetsedwa ndi dziko la America, amazungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi. Wotchi ikalandira uthenga wa masetilaiti anayi kapena kuposerapo, imadziwa pamene mwaima. Mukamasuntha imalumikiza malo amene mwadutsa n'kupeza mtunda ndi liwiro. Mawotchi ambiri amamvanso masetilaiti a GLONASS a ku Russia, Galileo a ku Ulaya ndi BeiDou a ku China.

Zimenezi sizidya mayunitsi kapena bandulo, ndipo sizidalira netiweki ya foni. Chofunika ndi thambo looneka bwino. Pansi pa denga la malata uthengawo sufika bwino. M'tinjira topanikizika pakati pa mipanda ya njerwa, ngati ta ku Mgona kapena m'kati mwa Biwi, ndiponso pansi pa mitengo yowirira, wotchi imatha kuphonya ndi mamita angapo.

IMAMVA BWANJI MTIMA?

Itembenuzeni. Kumimba kwake muona timagetsi tobiriwira tikuphethira. Magazi amameza kuwala kobiriwira, ndiye mtima ukagunda n'kukankha magazi kudzera pamkono, kuwala kobwerera kuwotchi kumachepa. Magaziwo akadutsa kumachulukanso. Wotchi imawerenga kusinthaku. Khungu lakuda nalonso limameza gawo la kuwalako, choncho kwa ife kuvala bwino wotchi n'kofunika kwambiri. Palinso lamba wovala pachifuwa amene amamva mphamvu ya magetsi ya mtima weniweniwo. Ameneyu ndiye salakwitsa kawirikawiri, makamaka pothamanga mwaliwiro.

POGULA, TSEGULANI MASO

M'misika ndi m'mashopu a mafoni mwadzaza mawotchi owala bwino amene m'kati mwake mulibe kanthu. Musanapereke ndalama, chitani izi:

1. Igonekeni pathebulo kapena muiveke chigubu, n'kuiuza iyeze mtima. Ikapeza kugunda kwa mtima wa thebulo, isiyeni pomwepo.
2. Ivaleni, mukhale pansi, mudziwerengere nokha kugunda kwa mtsempha wa pamkono winawo kwa masekondi 30, n'kuchulukitsa kawiri. Nambala yanu ndi ya wotchi ziyenera kuyandikana.
3. Tulukani nayo panja, foni muisiye kutali, muone ngati ikugwira GPS payokha. Mawotchi ena amabwereka GPS ya foni, kutanthauza kuti muzithamanga foni ili m'thumba.
4. Ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, funsani za batire, ndipo musachoke opanda chotchajira chake. Mawotchi ambiri ali ndi chotchajira chawochawo, cha foni sichilowa.
5. Onani kumimba kwake ngati palembedwa 5 ATM. Yoteroyo siopa mvula kapena thukuta.

TSIKU LOYAMBA

1. Itchajeni idzaze.
2. Lowetsani zaka zanu, kulemera kwanu, msinkhu wanu, ndiponso ngati ndinu mwamuna kapena mkazi. Osadzichepetsera zaka, chifukwa masamu onse a wotchi amachokera pamenepa.
3. Sankhani makilomita, osati mamailosi.
4. Ivaleni chala chimodzi kapena ziwiri pamwamba pa kafupa kotuluka ka pamkono. Lamba agwire moti wotchi isamagwedere, koma asamange magazi.
5. Imani pabwalo, sankhani pamene palembedwa Run, mudikire mpaka chizindikiro cha GPS chisonyeze kuti yagwira. Nthawi zina pamapita mphindi imodzi kapena ziwiri. Mukanyamuka isanagwire, kilomita yoyamba idzakhala yabodza.
6. Dinani Start. Mukamaliza dinani Stop kenako Save.

Pagalasi pamaoneka mawu atatu ofunika. Distance ndi mtunda. HR kapena bpm ndi kugunda kwa mtima pamphindi imodzi. Pace ndi nthawi imene mukuthera pakilomita imodzi, choncho nambala ikachepa ndiye kuti liwiro lakwera. Pace ya 6:00 ikutanthauza makilomita 10 pa ola limodzi. Ya 7:30 ikutanthauza makilomita 5 m'mphindi 37 ndi theka. Mukapeza mwayi wolowa m'bwalo la Bingu ku Area 48, mukhoza kuiyesa: mzere wam'kati ndi mamita 400, ndiye kuzungulira kasanu wotchi iyenera kusonyeza pafupifupi makilomita awiri.

DZIWANI MANAMBALA ANU

Nambala yoyamba ndi ya mtima wopuma. Iyezeni m'mawa musanadzuke pamphasa kapena pabedi, masiku asanu otsatizana. Kwa akuluakulu ambiri imakhala pakati pa 60 ndi 100, ndipo kwa othamanga okhwima imatsika mpaka m'ma 40 kapena 50.

Yachiwiri ndi malire a pamwamba a kugunda kwa mtima. Njira yachidule ndi kuchotsa zaka zanu pa 220: wa zaka 30 apeza 190. Uku n'kuyerekeza chabe, ndipo anthu ena malire awo amaposa kapena kuchepera ndi 10 ngakhale kupitirira apo. Kuchokera pamalirewo timapeza magiya atatu.

Giya yofatsa, 60 mpaka 70 peresenti: mukhoza kucheza ndi mnzanu ziganizo zathunthu.
Giya yapakati, 70 mpaka 80 peresenti: mawu akutuluka oduladula.
Giya yolimba, 80 mpaka 90 peresenti: "eya" ndi "ayi" basi.

Zaka 20: yofatsa 120–140, yapakati 140–160, yolimba 160–180
Zaka 30: yofatsa 114–133, yapakati 133–152, yolimba 152–171
Zaka 40: yofatsa 108–126, yapakati 126–144, yolimba 144–162
Zaka 50: yofatsa 102–119, yapakati 119–136, yolimba 136–153

Wotchi ikatsutsana ndi mpweya wanu, khulupirirani mpweyawo. Ngati ikuti muli pa 175 koma mukuimba nyimbo bwinobwino, mwina lamba wamasuka ndipo wotchi ikuwerenga kugunda kwa mapazi m'malo mwa mtima. Imani, pukutani thukuta, mangani bwino.

KUTHAMANGA SIKUFIKA

Vuto la ambiri a ife ndi lakuti tsiku lililonse timalisandutsa mpikisano. Mnzathu akatipitirira pa Masintha, ifenso moto. Pakatha masabata atatu, bondo latupa, msana ukuwawa, nsapato zapachikidwa. Aphunzitsi a othamanga mitunda italiitali amalangiza kuti gawo lalikulu la kuthamanga kwa pasabata, pafupifupi maulendo anayi mwa asanu, likhale lofatsa. Kuthamanga kofatsaku n'kumene kumalimbitsa mtima kuti uzipopa magazi ambiri pakugunda kumodzi, ndipo kumapatsa minyewa ndi mfundo za mafupa nthawi yozolowera.

Masabata oyamba wotchi idzakuchititsani manyazi. Kuti mtima ukhale m'giya yofatsa mudzafunika kuyenda ndawala pachitunda, akabaza akukuimbirani belu, ana akusukulu akukupitirirani. Pirirani. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu mudzaona kuti pakugunda komweko kwa mtima mukuyenda mwachangu kuposa kale. Umenewo ndiwo umboni wakuti thupi lalimba.

Sabata ya woyamba kumene ikhoza kukhala chonchi:

Lolemba: mphindi 30 zofatsa, kusakaniza kuyenda ndi kuthamanga.
Lachitatu: mphindi 10 zofatsa, kenako mphindi imodzi yolimba ndi ziwiri zoyenda, kubwereza kasanu, n'kumaliza mofatsa.
Lachisanu: mphindi 30 zofatsa.
Loweruka kapena Lamulungu: mphindi 45 mpaka 60 zofatsa.
Masiku otsalawo ndi opuma.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza akuluakulu kuchita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pasabata pamlingo wapakati, kapena 75 pamlingo wolimba. Amene akulinga makilomita 21 a mpikisano wa Be More umene banki ya Standard imachititsa mu Lilongwe, kapena makilomita 42.195 a marathoni, aziwonjezera mtunda pang'onopang'ono, osapitirira gawo limodzi mwa magawo khumi pasabata.

PAMENE MANAMBALA AKUKUCHENJEZANI

Mtima wopuma ukakwera ndi 10 kuposa masiku onse, thupi likudandaula: mwina simunagone mokwanira, mwatopa, madzi achepa m'thupi, kapena matenda akubwera. Tsiku limenelo pumani. Ngati thupi likutenthanso, pitani mukayezetse malungo, ndipo musathamange mpaka mutachira.

M'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala mtima umagunda kwambiri paliwiro lomwe lija. Nyamukani m'bandakucha, imwani madzi, tsatirani mtima osati liwiro. M'mawa wozizira wa Juni ndi Julaye magazi amachepa pakhungu, ndipo wotchi ikhoza kusokonezeka mphindi zoyamba mpaka thupi litatenthera.

Mukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, kubanika kwachilendo, kapena mtima ukugunda modumphadumpha, lekani nthawi yomweyo, ngakhale wotchi ikusonyeza nambala yabwino. Pitani kuchipatala cha kwanuko, monga cha Kawale kapena cha Area 25. Odwala BP, shuga kapena mtima, ndiponso amayi oyembekezera, ayambe aonana ndi achipatala. Mankhwala ena a BP monga atenolol ndi propranolol amachepetsa kugunda kwa mtima, choncho manambala ali pamwambawa sagwira ntchito kwa amene akumwa. Dziwaninso kuti kugunda kwa mtima ndi BP ndi zinthu ziwiri zosiyana. Wotchi siilowa m'malo mwa makina a kuchipatala opopa pamkono aja.

KASAMALIDWE

Mukabwerako itsukeni ndi madzi oyera n'kuipukuta, makamaka kumimba. Mchere wa thukuta ukasakanikirana ndi fumbi la m'chilimwe umatseka timagetsi tija n'kudya tizitsulo totchajira. Lamba azitsukidwanso, ndipo mkono uziuma musanavalenso kuti pasatuluke zidzolo.

GPS ndiyo imadya batire kwambiri, choncho musaiwale kudina Stop. Poti magetsi amathimathima, itchajeni akangoyaka, osadikira kuti ithereretu. Batire lake ndi laling'ono, moti power bank kapena kasola ka panyumba n'kokwanira. Musaisiye padzuwa kapena pafupi ndi mbaula.

CHITETEZO CHANU

Wotchi imatumiza zimene mwathamanga kufoni kudzera pa Bluetooth, ndipo mukaziika pa intaneti, monga pa Strava, mapu ake amaonetsa pamene mwayambira ndi nthawi imene mumatuluka. Mu 2018 mapu a Strava adaulula malo a misasa ya asilikali m'maiko angapo chifukwa asilikaliwo ankathamanga atavala zida zoterezi. Inu musalozere akuba geti lanu. Dinani Start mutatalikira kunyumba, ndipo mapu anu aziona anzanu okhawo amene mukuwadziwa. Kukadali mdima thamangani pagulu, wotchi ili m'kati mwa mkono wa juzi. Mumsewu yendani moyang'anizana ndi magalimoto, maso kutsogolo, osati pamkono.

NGATI NDALAMA SIZIKUKWANA

Gulu likhoza kusonkherana, ngati mmene timachitira kubanki m'khonde, n'kugula wotchi imodzi. Yambani mwayeza nayo njira zanu zonse n'kuzilemba m'kope: kuchoka pamsika kukafika pamlatho makilomita akuti, kuzungulira bwalo la sukulu mamita akuti. Njira ikayezedwa kamodzi, wotchi wamba yamanambala ndi yokwanira kupezera liwiro. Pobwerekana, aliyense azisintha zaka ndi kulemera asananyamuke.

Za mtima mukhoza kuyamba musanagule chilichonse. Mawa m'mawa, musanaponde pansi, ikani zala ziwiri pamtsempha wa pamkono, kumunsi kwa chala chachikulu. Werengani kwa masekondi 30, chulukitsani kawiri, lembani nambalayo ndi deti lake kuchikuto cha kope. Pakatha miyezi itatu ya kuthamanga mofatsa, mudzawerengenso n'kufananiza.