Kakonzedwe ka Saladi Panyumba m'Nyengo Yozizira ndi Yotentha

Saladi ndi chakudya cha masamba, zipatso kapena mizu zodulidwa n'kusakanizidwa, zambiri mwa izo zikadali zaziwisi, ndipo phindu lake lalikulu ndi lakuti vitamini C, amene amawonongeka ndiwo zikakhalitsa pamoto, amafika m'thupi asanachepe. Popeza chakudyachi sichipita pamoto, ntchito yonse yochotsa tizilombo toyambitsa matenda imatsalira madzi, motero kutsuka ndiye gawo loyamba ndiponso lofunika koposa, makamaka m'dziko ngati Malawi limene linavutika ndi mliri wa kolera mu 2022 ndi 2023. Wokonza asambe m'manja ndi sopo, kenako atsuke tsamba lililonse palokha ndi madzi owiritsa amene azizira kapena othira mankhwala a klorini, akuyang'anitsitsa m'makwinya a letesi momwe dothi la kudimba limabisala. Masambawo akhetsedwe madzi m'lichero loyera, chifukwa mafuta sagwira pa tsamba lonyowa, ndipo thabwa lodulirapo nyama yaiwisi lisayandikire. Chigwada sichiyenera kulowa mu saladi ngakhale pang'ono, pakuti chili ndi poizoni amene amachoka pokhapokha chikasinjidwa n'kuphikidwa.

Chachiwiri ndi msuzi wothira pamwamba, umene umapangidwa ndi masupuni 3 a mafuta ophikira, supuni imodzi ya madzi a mandimu ndi kamchere, zonse zitakhutchumulidwa m'botolo lotseka mpaka zitagwirana. Mafutawo asachotsedwe poopa kunenepa, chifukwa ndi amene amathandiza thupi kutenga vitamini A kuchokera m'karoti ndi m'masamba obiriwira.

M'nyengo yozizira, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kabichi, karoti ndi mbatata ya kachewere zimapezeka zambiri m'misika ngati ya Lizulu ndi Tsangano, pomwe manachesi a ku Mwanza amakhala atapsa. Kabichi ndiye maziko abwino a nyengoyi, koma ambiri amamuda chifukwa chomudula mokhuthala n'kumupereka akadali wolimba. Adulidwe mopyapyala kwambiri, awazidwe mchere pang'ono, afinyidwe ndi manja, kenako asiyidwe kwa mphindi 15, pakuti mchere umakoka madzi m'masamba n'kuwafewetsa popanda moto. Madzi amene atuluka atayidwe. Anyezi wodula aviikidwe m'madzi a mandimu kwa mphindi zomwezo kuti ukali wake uchepe. Popeza kunja kukazizira thupi limafuna chakudya chokhutitsa, ndi bwino kuwonjezera kachewere wowiritsa kapena nyemba zophika zosaphwanyika, ndipo zimenezi zithiridwe msuzi zikadali zofunda, chifukwa ndi pamene zimaumwa mpaka mkati. Tizigawo ta manachesi tochotsa njere timakometsa mbaleyo, komanso vitamini C wake amathandiza thupi kutenga ayironi, mchere wofunika popanga magazi, kuchokera mu nyembazo. Mtedza wokazinga wophwanyaphwanya uwazidwe pomaliza kuti usanyowe.

M'nyengo yotentha, kuyambira Seputembala mpaka mvula itayamba, saladi ayenera kukhala wopepuka ndi wamadzi ambiri, ndipo matimati, nkhaka, tsabola wobiriwira ndi mavwende ndizo zoyenera. Nkhaka yokhwima ing'ambidwe pakati n'kuchotsa njere ndi supuni, pomwe matimati adulidwe zidutswa zikuluzikulu. Pano mchere uthiridwe pa nthawi yakudya basi, popeza mphamvu yomwe imafewetsa kabichi imasungunula matimati n'kusiya madzi okhaokha pansi pa mbale. Mango akayamba kupsa cha mu Novembala, asankhidwe amene angoyamba kufiira koma akadali olimba, ndipo asakanizidwe ndi anyezi, mandimu ndi kachidutswa ka tsabola wa kambuzi. Saladi ameneyu amayenda bwino kwambiri ndi chambo chowotcha.

Kutentha kumachulukitsa tizilombo msanga, choncho mayonezi, amene amapangidwa ndi mazira, ndi bwino kuwapewa m'nyumba yopanda firiji. Saladi wa nyengoyi akonzedwe wongokwanira anthu amene alipo, avundikiridwe kuti ntchentche zisaterepo, ndipo adyedwe pasanathe maola 2 chidulireni.