PHUNZIRO LA MAU: LIU LA CINGEREZI LAKUTI "DAUB"

Mai aliyense wa kumudzi adziwa kuti kumata, kuzira ndi kudzoza ndi nchito zitatu zosiyana, cinkana zonsezo zicitidwa ndi dzanja limodzimodzi. Amata cipupa, azira pansi, adzoza mwana mafuta. Mlendo akasokoneza mau amenewa nanena kuti wazira mwana, mudzi wonse umseka. Angerezi naonso ali ndi mau ambiri a nchito yotere, ndipo wophunzira cinenero cao akayesa kuti onsewo ali amodzi, asekedwa cimodzimodzi, kapena atukwana munthu osadziwa. Limodzi la mau awo, lopezeka m'mabuku akale ndi m'manyuzipepala momwe, ndilo daub.

Zilembo za au m'liuli sizimveka monga m'liu la Cinyanja lakuti mau. Zimveka ngati o wokokedwa pang'ono. Nchito ikapita kale ati daubed, ikali m'kati ati daubing. Tanthauzo lace ndilo kutenga cinthu cofewa ndi conata, monga dothi, phula, njereza kapena utoto, ndi kuciphatika pa cinthu cina mocuruka, wosasamala kusalaza. Liu la Cinyanja loyandikira koposa ndilo kumata. Ciganizo cimangidwa m'njira ziwiri, zonse zolondola: "They daubed the wall with mud," ndiko kuti anamata cipupa ndi dothi, ndi "They daubed mud on the wall," ndiko kuti anamata dothi pa cipupa. Cipupa cikatsogola, with atsatira. Dothi likatsogola, on atsatira.

Komwe liuli linacokera kudabwitsa. Linalowa m'Cingerezi m'zaka za ma 1300 kucokera ku Cifalansa cakale, kumene dauber anali kumata kapena kupaka njereza. Cifalansaco cinalitenga kwa Aroma, amene m'Cilatini anati dealbare, kuyeretsa, pakuti albus ndiko kuyera. Cotero liu limene lero licititsa munthu kuganiza za matope linabadwa ku kuyera. Nkhani yace ndi iyi: womata ndi woyeretsa cipupa anali munthu mmodzi, ndipo nchito ya onse awiri inali kuphimba zam'kati kuti zisaoneke. Kuphimbako ndiko kwatsala m'liuli kufikira lero.

Ambiri ayesa kuti Angerezi anakhala m'nyumba za njerwa ciyambire. Si tero ai. Kwa zaka mazana ambiri anaimika mafelemu a mitengo, naluka timitengo tofewa m'mipata yace, namatapo dothi losakaniza ndi udzu wouma, ndowe, ndi ubweya wa zoweta. Mamangidwe amenewa achedwa wattle and daub; wattle ndiye timitengo tolukato, daub ndilo dothilo, popeza liuli likhalanso dzina la cinthu. Nyumba ya ku Stratford-upon-Avon, m'mene anabadwiramo mlembi William Shakespeare mu 1564, inamangidwa motero, ndipo ikali ciimire. Mu London zinasintha moto waukuru wa 1666 utatentha mzindawo, pakuti lamulo la 1667 linalamula kuti nyumba zatsopano zikhale za njerwa kapena miyala. Cingerezi ca m'Zambia cichula nyumba ya nsici ndi dothi pole and dagga, koma nzeru yace ndi yomweyo.

Pa cipupa ca dothi liuli liribe citonzo; ndi dzina la nchito yolemekezeka. Likacoka pamenepo liyamba kuluma. Mmisiri wojambula zithunzi ndi utoto akamva wina alikunena kuti "He daubs," adziwa kuti wanyozedwa, cifukwa mauwo atanthauza kuti angomata utoto wopanda luso. Ndipo cithunzi coipa cichedwa a daub. Nchito ya mmisiri ndi paint. Wophunzira wofuna kuyamika amene anapaka sukulu utoto asayese kukometsa kalata yace ndi liu lacilendoli, angadane naye.

Manyuzipepala aligwiritsa nchito ponena za mau acipongwe olembedwa mofulumira pa makoma, makamaka usiku. Pa 24 December 1959, usiku wa Krisimasi, anyamata awiri anapaka cizindikiro ca cipani ca Hitler pa sunagoge wa Ayuda mu mzinda wa Cologne ku Germany, nyumba imene inali itangotsegulidwanso mu September caka comweco. Masabata otsatira ena anacita zomwezo m'maiko ambiri, ndipo m'Cingerezi zinachedwa swastika daubings. Mlembi akasankha daubed m'malo mwa painted, waweruza kale mlandu ndi liu limodzi.

Mbale wace wa daub ndiye smear, ndipo awiriwa asokoneza ambiri. Smear ndi liu la Angerezi eni ace, locokera ku liu lao lakale la mafuta a nyama. Daub aunjika, smear akwekweza; woyamba asiya zibuma, waciwiri asiya mkwasa wopyapyala, monga mwana akapukuta cala ca ndiwo pa malaya. Ku cipatala, akabaya cala ca wodwala malungo nayala dontho la mwazi pa kagalasi, ati blood smear. Ndipo kuipitsa mbiri ya munthu ndi mabodza ati to smear his name. Daub salowa m'malo amenewo.

Koma pamene wowerenga ayenera kukhalitsa ndi m'Baibulo la Cingerezi la King James, la 1611. Pa Eksodo 2:3 omasulira anaika daubed pofotokoza za amace a Mose, amene anamata kabokosi ka gumbwa ndi phula asanaike mwana m'mbali mwa mtsinje. Apo kumatako kunali kwa cikondi, ndipo kucuruka kwa phula ndiko kunaletsa madzi. Pa Ezekieli 13 liu lomwelo libwerezedwa kangapo, koma ndi nkhope yina. Ezekieli anatengedwa ukapolo kunka ku Babulo zaka 597 Kristu asanabadwe, Yerusalemu asanapasulidwe. Masiku awo kunali aneneri olonjeza anthu mtendere pamene cionongeko cinali pakhomo. Iye anawafanizira ndi anthu opeza cipupa comangidwa mwaulesi, amene m'malo mocigwetsa angocimata kunja kuti cioneke cabwino. Ndipo anacenjeza kuti mvula, matalala ndi mphepo zidzacigwetsa pamodzi ndi omatawo. Baibulo la 1611 linena za dothi losapondedwa bwino. La Revised Standard Version, la 1952, linasunga daub koma linachula njereza, ndipo potero liuli linabwerera kwao, ku kuyera kwa Aroma kuja. Aliyense amene anaona cipupa codyedwa ndi ciswe m'kati, cosalala kunja, cikugwa ndi mvula yoyamba, safuna womasulira pa cigawo ici.

Womasulira ulaliki wa mlendo pamaso pa mpingo asamalenso cinthu cina. Kupaka kwaulemu, kwa mafuta opatulika, m'Cingerezi ndi anoint, ndiko kudzoza. Samueli anacita comweco kwa Davide pa 1 Samueli 16:13, ndipo kunena kuti daubed pamenepo kukanakhala mwano. Cozizwitsa ciri pa Yohane 9:6. Yesu analavula pansi, nakanda thope, naliika pa maso a munthu wobadwa wakhungu. Thope ndilo cuma ceniceni ca daub, ndipo mwana wa sukulu akadalemba liulo wosakayika. Koma omasulira a 1611 analemba anointed, potsata liu la Cigriki la kudzoza limene Yohane anaika pamenepo. Sanayang'ane cimene cinali m'dzanja. Anayang'ana mwini dzanjalo, ndi maso amene anapenya atasamba m'thamanda la Siloamu.