Phunziro 9: Nthawi ili bwanji?

Ana inu, kwezani maso muone wotchi ya pakhoma. Mafoni ayambe alowa m'thumba.

Wotchi ili ndi mivi iwiri. Muvi waufupi umaloza ola, wautali umaloza mphindi. Ola limodzi lili ndi mphindi 60. Waufupi ukakhala pa 7, wautali pa 12, munthu n'kukufunsani kuti, "Nthawi ili bwanji?" muyankhe kuti, "Ili 7 koloko." Wautali ukafika pa 3 timati kota pasiti 7, pa 6 hafu pasiti 7, pa 9 kota tu 8. Mawu amenewa tinabwereka ku Chingerezi, ndipo manambalawo timawatchula kuti seveni, eyiti, naini. Agogo kumudzi amateronso. Koma palinso kanenedwe kathu kokoma: "Kwatsala mphindi 10 kuti ikwane 8 koloko."

Nambala payokha siikwanira. Mukati, "Tibwera 7 koloko," azakhali akufunsani, "Ya m'mawa kapena yamadzulo?" Choncho sungani mawu anayi awa: m'mawa, masana, madzulo, usiku. Foni ikalemba 19:00, chotsanipo 12, mupeza 7 koloko madzulo. Kuchipatala ife anamwino timalemba nthawi ya mankhwala motero, kuopa kusokoneza, koma kwa agogo musakanene kuti "naintini".

Makolo athu analibe mawotchi, koma sankasochera. Ankayang'ana dzuwa ndi kumvetsera tambala. Tambala woyamba amalira kukadali mdima. Kenako umabwera m'bandakucha, kum'mawa kukamayera dzuwa lisanatuluke. Kuno ku Al Quoz tambala simungamumve kawirikawiri, koma mukadzuka ndi mawu oitanira anthu ku mapemphero oyamba kumzikiti, dziwani kuti m'bandakucha wafika. Masana enieni timati dzuwa lili paliwombo. Liwombo ndi pamwamba pa mutu, pamene pamakhala pofewa mwa khanda. Tagwirani panu. Nthawi imeneyi mumaidziwa bwino: chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Juni mpaka pa 15 Sepitembala, lamulo la dziko lino limaletsa kugwira ntchito padzuwa kuyambira hafu pasiti 12 mpaka 3 koloko masana. Ikamakwana 3 koloko timati dzuwa lapendeka. Likalowa, kukamachita kamdima, nkhuku zikulowa m'khola, chimenecho ndi chisisira. Mwa mawu onsewa, ine amene ndimawakonda ndi amenewa.

Tsopano tcherani khutu, apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Wotchi ya ku Dubai ili patsogolo ndi maola awiri poyerekeza ndi ya ku Malawi, chaka chonse. Ku Lusaka, ku Chipata ndi ku Tete nthawi yawo ndi imodzi ndi ya ku Lilongwe. Inu mukamakwera basi ya sukulu hafu pasiti 6 m'mawa, kwa agogo ili hafu pasiti 4. Mukaimba foni nthawi imeneyo, agogo adzidzimuka, mtima uli phaphapha, poti kwathu foni yolira usiku anthu amaganiza za matenda kapena maliro. Agogo akati, "Mundiimbire 6 koloko madzulo ndikabwera kudimba," akunena wotchi yawo. Inu wonjezerani maola awiri, muimbe 8 koloko. Mukaimba pa 6 yanu, foni ingolira m'nyumba, eni ake ali kothirira ndiwo.

Mwina muli ndi anzanu ochokera ku Kenya kapena ku Tanzania. M'Chiswahili amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka, ndiye 7 koloko yathu iwo amaitcha ola loyamba. Mukamapangana nawo, funsani kawiri.

Ntchito

1. Jambulani mawotchi awiri. Pansi pa yoyamba lembani Dubai, pa yachiwiri Lilongwe. Ku Dubai ili 9 koloko m'mawa. Ikani mivi pa mawotchi onse awiri.
2. Nenani mokweza m'Chichewa: 06:30, 13:15, 20:45.
3. Amalume ku Zomba akuti muwaimbire dzuwa lili paliwombo. Kuno idzakhala ili bwanji?
4. Funsani amayi kapena abambo kuti munabadwa nthawi yanji. Akayankha ndi nambala yokha, muwafunse kuti dzuwa linali pati. Mudzatiuze Loweruka likubwerali.